Mwini Manda a Pabwinja

Ndinalowa chikamwini m'zaka zimene nkhani ya chitaganya cha maiko atatu inali pakamwa pa munthu aliyense. Mudzi wa mkazi wanga unali chakumadzulo kwa Kabudula, m'mbali mwa dambo lalitali limene madzi ake amakathira mu Bua. Ine ndinali mwana wa mphunzitsi wa sukulu ya mpingo, wozolowera choko kuposa khasu. Atsibweni ake a mkazi wanga, amene anali eni mbumba, anandilozera munda wa kumathero kwenikweni, kumene ena sankafuna kulima. Sikuti anali ndi nkhanza ayi. Mkamwini watsopano amayambira pamene eni mudzi asiya.

Polima mundawo ndinkangofukula mapale, ndipo tsiku lina khasu langa linagunda mphero yosalala bwino, yokumbika pakati. Kuseri kwa munda kunali msitu. Dziko lonse lozungulira linali litayera, chifukwa masiku amenewo aliyense ankalima fodya wa chikopa, ndipo fodya ameneyu sapsa popanda utsi wa nkhuni. Mitengo inatha m'minda, inatha m'mbali mwa dambo, anthu n'kumapita ndi ngolo kutali kukafuna nkhuni. Koma msitu uja unangoima wokha, wakuda bii.

Nditafunsa mkazi wanga, anandiyankha osakweza mawu.

"Ndi manda, koma si athu. Ndi a anthu a pabwinja pamene mukulimapo inupo. Anatha ndi fuluwenza amayi akali mtsikana. Otsala anabalalika, ena ku Kasungu, ena kutsidya kwa Bua. Palibe amene amabwera."

Chimene chinkasunga msituwo ndi mantha okha, ndipo mantha anali atayamba kuchepa. M'mbali mwake munkapezeka zitsa zatsopano. Moto wa anyamata osaka mbewa unkadyanso pang'ono chaka ndi chaka, osapezeka wouzimitsa.

Chilimwe changa choyamba kumeneko, kunabwera mzungu wa za mitengo ali ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lathu. Mlangiziyo ndi amene ankamasulira. Anati boma laona kuti mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha, ndipo kuti mitengo imeneyo ndi imene ikugwira nthaka ndi akasupe. Choncho manda onse akale, ngakhale osiyidwa, adzatchingidwa ndi waya, m'makona mwake n'kuimikamo zipilala za simenti. Anazungulira msitu uja ndi tcheni chawo choyezera, osalowa m'kati, n'kukwera galimoto. Ena anakondwa. Ena anati mzungu akayeza malo ndiye kuti akuwafuna.

Mvula inabwera, inapita. Titakolola, mlangizi anabwera yekha pa njinga, n'kukhala pa khonde la atsibweni, ine ndili pomwepo. Anali munthu wofatsa, ndipo ankaoneka kuti nkhani imene wanyamula ikumulemera. Anati atayamba kuyendera dera lonse, anapeza kuti manda osiyidwa ndi ochuluka kuposa mmene ankaganizira. Dambo lililonse linali ndi bwinja lake, bwinja lililonse msitu wake. Waya ndi wodula, simenti ndi yodula, ndipo zonse zimachokera kutali. Boma silingakwanitse onse. Lidzathandiza manda okhawo amene ali ndi mwini wake wolonjeza kumalambula chaka ndi chaka.

"Nanga amene alibe mwini?" anafunsa atsibweni.

Mlangizi anayang'ana pansi. "Amenewo ndilibe mawu, wawa."

Nkhaniyo itamveka m'mudzi, anyamata a fodya anaimva mwa njira yawo. Ankanena poyera kuti chaka chamawa nkhuni zidzakhala pafupi.

Mlendo wina anafika mu Juni, mphepo ya mwera ikuomba. Ndinali m'munda kutolera mapesi dzuwa litakwera. Nditaweramuka ndinaona nkhalamba yayitali, yowonda, itavala chijasi chausilikali chofika m'mawondo ndi chipewa chakutha. Inaima pakati pa munda wanga n'kumatembenuka pang'onopang'ono. Ndinapita kukaipatsa moni. Inayankha mwaulemu, kenako inatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chochokera pansi.

"Mwana wanga, panali mkuyu apa. Uli kuti?"

"Sindinaupeze, bambo. Ine ndine mkamwini, ndabwera posachedwa."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana kumsitu, n'kuyang'ana kudambo, ngati munthu amene akuyerekeza ndi maso. Kenako anayenda molunjika, n'kukaima pa kachulu kakang'ono pafupi ndi pamene ndinafukula mphero ija.

"Khomo la amayi anga linali apa, loyang'ana uku."

Zaka ziwiri ndinkalima pamenepo, ndipo sindinaganizepo kuti ndikuponda m'nyumba ya munthu.

Mlendoyo anati akufuna kulowa kumanda, koma sangalowe ngati wakuba. Ndinapita nawo kwa atsibweni, atsibweni n'kukadziwitsa amfumu. Kumeneko mlendoyo anafotokoza kuti anabadwira pabwinja pomwepo. Ali mnyamata anatengedwa kukakhala mtengatenga pa nkhondo ya Jeremani. Anabwerako wamoyo, n'kupeza fuluwenza italowa m'mudzi. Mudzi utatha, anatsika wapansi kupita ku Halale, ndipo anakhala m'migodi zaka zonsezo, kufikira chifuwa chinawachotsa ntchito. Analibe mkazi, analibe mwana. Amfumu anavomera, ndipo anati atsibweni awaperekeze. Atsibweni anati ndipite nawo, popeza ndine ndinalandira mlendoyo.

Kwathu, mwana wa mphunzitsi sankayandikira msitu wa manda kupatula pa maliro, chifukwa n'kumene kumakhala dambwe la gule. Atsibweni anaona kukayika kwanga. Anati gule wa pamenepo anapita ndi eni ake kalekale, mulibe china koma ogona okha.

Titafika m'mphepete, nkhalamba ija inavula chipewa ndi nsapato. Inanjuta n'kuomba m'manja.

"Odi kuno. Ndine ndabwera. Ndachedwa, koma ndabwera."

Tinalowa mowerama, kupyola m'zilambe. Kunja kunali dzuwa ndi mphepo, koma m'kati munali zii, mdima wobiriwira, ndi fungo la nthaka yonyowa mu Juni mwenimweni. Mapazi ankamira m'masamba ofewa. Ndinali ndisanaonepo mitengo yotero m'moyo wanga. Panali mbawa imene amuna atatu sakanaikumbatira, miwanga yowongoka ngati yojambula, kachere amene mizu yake inatsika kuchokera kumwamba n'kukhala mizati. Nditakweza maso sindinaone thambo. Kutali pamwamba njuchi zinkalira, ndipo kumunsi kunkamveka madzi akudontha. Atsibweni, munthu amene anabadwira pamtunda pomwepo, anandinong'oneza kuti dziko lonse linali chonchi iwo ali mwana. Ndinayesa kuliona m'maganizo dziko lotero, kuyambira Kabudula mpaka Nsaru, koma mutu wanga unakana.

Mitumbira inali itatitimira, moti ine sindikanadziwa kuti pali manda. Chimene chinkaoneka ndi miphika yoboola pansi, ina yovundikira, ina itanyamulidwa ndi mizu. Pena mbale yachitsulo yadzimbiri. Koma mlendo wathu ankayenda ngati ali m'mudzi masana. Ankaima, n'kutchula dzina, n'kuomba m'manja, n'kupitirira. Mayinawo sindiwalemba pano, ndi a eni ake. Apa agogo ake. Apa mmisiri wosula makasu. Apa ana awiri a mimba imodzi, anapita tsiku limodzi.

Chakumunsi, pafupi ndi kasupe, miphika inali yothithikana kwambiri. Mlendoyo anakhala pansi, pa muzu.

"Awa onse ndi a fuluwenza. Poyamba adzukulu ochokera kumidzi ina ankabwera kudzatikumbira, monga mwa mwambo. Kenako nawonso anayamba kugwa, n'kusiya kubwera. Tinatsala amuna atatu okhoza kugwira khasu. Munthu sakumbira mbale wake, koma ife tinakumba. Amayi anga ndinawakumbira ndekha, manda awo ndi awa. Mnzanga wachiwiri ndinamuika apo. Wachitatu apo. Ndiye n'chifukwa chake ndikuwadziwa. Manja angawa ndi amene anawagoneka."

Atsibweni anavula chipewa chawo, chimene anali ataiwala kuvula.

Potuluka, atsibweni anawauza za waya uja, ndi zoti boma likufuna mwini wake.

"Mwini wake ndine," anatero mlendoyo. "Kawauzeni."

Ndinapita ndine pa njinga yobwereka kukauza mlangizi. Anandimvetsera bwino, koma anati ndalama za ntchito imeneyo zatha kale, mwina chaka china. Ndinabwerera ndi manyazi ngati ndalama zake ndadya ndine. Nkhalamba ija sinadandaule. Inati ku migodi inaona waya wambiri, ndipo wonse unkadyedwa ndi dzimbiri kapena kubedwa. Inangopempha khasu, chikwanje, ndi malo omanga msasa m'mphepete mwa munda wanga.

Anayamba kulambula m'mawa wotsatira. Ankafuna njira yotakata yozungulira msitu wonse kuti moto usadumphe, ndipo m'kati mwa njirayo mzere wa nkhadze, mtengo uja wopanda masamba umene umaphuka ukangozikidwa nthambi. Ankalima pang'ono n'kutsamira khasu, kutsokomola, n'kuyambanso. Anthu odutsa ankati sadzafika ngakhale pakona yoyamba. Mkazi wanga, amene panthawiyo anali ndi khanda, anayamba kupatula chakudya m'mbale ina osandifunsa. Ine ndinkapititsa, ndipo popeza n'kovuta kuimirira manja lende nkhalamba ikulima, ndinkagwirako khasu.

Njira yawoyo inadya mizere ingapo ya munda wanga, mbali imene chimanga chinkachita bwino chifukwa cha chinyezi cha msitu. Anabwera kudzandipepesa atagwira chipewa m'manja. Ndinawauza kuti asadandaule. Munda wonsewo unali bwalo la kwawo.

Nkhadze nayo ili ndi mtengo wake. Tsiku lina ndikudula nthambi, utomoni unandithovokera m'diso. Ululu wake sindidzauiwala, ngati munthu wakuthira khala la moto. Ndinathamangira kunyumba ndikuona ndi diso limodzi. Mkazi wanga anandigoneka pamiyendo pake, n'kundikamira mkaka wa m'mawere m'disomo mpaka moto unazirala. Apongozi anga aakazi, amene mwa mwambo sitinkayang'anana, anaseka ali kuseri kwa nkhokwe mpaka anakhala pansi. Diso linatupa masiku angapo, koma linapola.

Mwina kuseka kumeneko n'kumene kunatembenuza zinthu, chifukwa nkhani ya diso langa inayenda mudzi wonse, ndipo amayi anayamba kubwera kudzaona chimene chikuchititsa mkamwini khungu. Akabwera ankasenzako mtolo wa nkhadze kuchokera kumakola. Amuna achikulire anatsatira ndi makasu. Anyamata a fodya sanabwere, koma anasiya kulankhula za nkhuni zapafupi. Munthu sungadule mtengo mwini wake akukuyang'ana. Chaka chimenecho tonse tinakatenga nkhuni kutali monga kale, ng'ombe zikubwerako zitatopa.

Kenako kunachitika chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Mbiri inawoloka Bua. Sindikudziwa anainyamula ndani, kaya ogulitsa nsomba, kaya opita kumsika wa fodya. Anthu anayamba kufika, mmodzimmodzi, ena awiriawiri, atayenda tsiku lathunthu kapena kuposa. Anali ana ndi zidzukulu za obalalika aja. Ambiri anali asanapondepo pamalopo. Ankangodziwa kuti kwinakwake kuli kwawo.

Amene ndimamukumbukira kwambiri ndi mayi wina wa msinkhu wapakati, wamfupi, amene anabwera ndi mwana wake wamkazi wotha msinkhu. Anatipeza tikuzika nkhadze. Anagwada patali ndithu, n'kupereka moni.

"Atate, ndamva kuti inu mumawadziwa ogona muno. Ine ndinachoka pano ndili kumsana kwa azakhali anga. Amayi anga sindinawaone. Amati anatsala kuno."

Nkhalamba inamufunsa dzina la mayi akewo. Atalitchula, inatseka maso kanthawi.

"Wamanzere uja, eti? Woumba mbiya?"

"Amatero, atate."

"Ndiye mwana uja ndiwe. Unkalira kwambiri tsiku limenelo. Tiye."

Tinawatsatira. Sanasakesake. Anapita molunjika kumunsi, n'kuima pa tsinde la muwanga, n'kukankha masamba ndi dzanja. Panatuluka kamphika kakang'ono, kokhala ndi mizere yolembedwa m'khosi mwake.

"Aka anaumba yekha. Ndinakatenga m'nyumba mwake ndine."

Mayi uja anakanyamula ndi manja awiri. Anayendetsa chala m'mizere ija, pang'onopang'ono, kuzungulira khosi lonse. Sanalire nthawi yomweyo. Anapatsira mwana wake kuti akagwirenso, n'kukabwezera pamalo pake mmene anakapezera. Kenako anagona chafufumimba pa masambawo, n'kuyamba kulankhula ndi mayi ake motsitsa, kuwauza za ana ake, za mwamuna wake, za kumene amakhala. Ife tinabwerera m'mbuyo kuti tisamve. Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndipo ndamva maulaliki ambiri onena za akufa ndi amoyo, koma palibe umene unandilowa mumtima ngati zimene ndinaona tsiku limenelo.

Alendowo ankagona m'mudzi mwathu, ndipo aliyense asanabwerere ankalima chigawo chake. Nkhalamba inkayenda nawo m'msitu mobwerezabwereza, kuwatchulitsa mayina mpaka atawagwira. Mtsikana uja, mwana wa mayi wa kamphika, anali ndi mutu wakuthwa. Anatsala milungu ingapo, ndipo pochoka ankatha kuyenda yekha kuyambira kumtunda mpaka kukasupe osaphonya ndi mmodzi yemwe.

Njira inakumana kumapeto kwa Seputembala. Mu Okutobala moto unabwera monga mwa nthawi zonse, kuchokera kudambo, masana dzuwa likuswa mtengo. Tinathamangira kumeneko ndi nthambi zaziwisi, koma sitinazigwiritse ntchito kwenikweni. Moto unafika pa dothi loyera lija, unanyambita m'mphepete, n'kugona. Nkhalamba inaonerera ili khale pakhomo pa msasa wake, chifukwa panthawiyo kuyenda kunali kutayamba kuivuta.

Mvula ya chizimalupsa itagwa, anandiitana. Anandipempha kuti ndiwagwire mkono, ndipo tinalowa m'msitu pang'onopang'ono, kupuma pa mtengo uliwonse. Pafupi ndi manda a mayi awo panali kamalo kopanda mphika. Analozapo ndi ndodo.

"Apa ndinapasiya dala kalekale. Mudzawauze adzukulu asamale mizu ya mbawayi, asaidule yaikuluyo. Nsalu yanga ndinagula kale ku Halale, ili kumutu kwa mphasa."

"Bambo, mukadali nafe."

"Ndili nanu, mwana wanga. Ndikungokuuzani kuti musadzavutike."

Anatisiya patangopita masiku ochepa, m'mawa, mkazi wanga atawapititsira phala n'kumwako pang'ono. Kunabuka funso lakuti maliro ndi a yani, popeza munthuyo sanali wa mudzi wathu, sanali wa mpingo, ndipo gule wa kwawo anatha. Atsibweni anati funsolo n'losavuta. Munthu wadya nafe miyezi yonseyi, ndi wathu. Adzukulu a m'mudzi mwathu anatenga makasu, ine n'kuwatsogolera kukawalozera malo. Anakumba mozemba mizu monga anapemphera mwini wake, ndipo ntchitoyo inawatengera nthawi yaitali, koma palibe anadandaula.

Tinatuma mnyamata wa njinga kutsidya kwa Bua, ndipo tinadikira. Anabwera ambiri kuposa amene tinkawadziwa. Mlangizi uja nayenso anafika, n'kukhala kumbuyo pamodzi ndi amuna ena. Mayi wa kamphika ndi amene anakhala pamutu pa maliro ngati mwana wa malemu, ngakhale panalibe ubale wa magazi. Amayi a mpingo anafunsana ngati n'koyenera kuimba, kenako mmodzi anangoyambitsa, ena n'kulandira.

Sindinamvepo nyimbo ikumveka ngati mmene inamvekera m'msitu muja. Mawu ankakwera m'mitengo n'kubwerera ofewa, ngati pali ena akuyankha kumwamba. Anthu oposa amene msituwo unawaona m'zaka makumi atatu anaima pakati pa miphika, aliyense akuyang'ana poponda. Atatsitsa thupi, mtsikana uja anaimirira osauzidwa ndi munthu, n'kuyamba kutchula mayina a ogona onse, kuyambira kumtunda, kuwadziwitsa kuti mnzawo wafika. Anthu a kutsidya akamva dzina la wawo ankaomba m'manja pamene aimapo, kuomba kumodzi kuno, kwina uko, mpaka anafika pa dzina lomaliza.

Waya sanabwere, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Sindikuimba boma mlandu. Mlangizi ananena zoona, mabwinja anali ambiri, ndipo misitu ina imene ndinkaiona popita ku Nambuma inatha ndikuona. Wathuwu nkhadze zake zinagwira ndi mvula ya chaka chomwecho, ndipo pofika zaka zitatu mbuzi sinkatha kupyola. Anthu a kutsidya anayamba kubweretsa akufa awo achikulire, amene ankapempha kukagona kwawo.

Tikubwerera kumudzi tsiku la maliro lija, titasamba m'manja kudambo, atsibweni anayenda pambali panga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri ndi mkamwini. Tinayendera limodzi mpaka pafupi ndi makola.

"Chaka chamawa tidzayambe msanga kulambula, udzu usanaume," anatero. "Inu mudzatenge mbali ya kumunda kwanu, ine ndidzauza anyamata atenge ya kudambo."

Tinachitadi zimenezo, chaka chimenecho ndi zaka zonse zimene ndinakhala m'mudzi umenewo.